Tomato akadula, funsani kuti ana athu akuphunzitsidwa chani

Bamayi ndi batate ba m'misika, inu ba ku Soweto, ba pa Chawama, pa Mtendere, pa Lilanda mu George, ba ku Matero, Kanyama ndi Kalingalinga, ndi inu nonse ogulitsila pa thebulo kunja kwa geti, lelo tikambilane za sukulu. Osathamangila kunena kuti nkhani ya masukulu ni ya maticha. Iyi ni nkhani ya bokosi la tomato, saka la anyezi, thileyi ya mazila, ndi mwana wanu uja anatsiliza Grade 12 zaka zitatu zapitazo koma mpaka manje akali kukankha wilibala.

Momwe mitengo imavinila mumadziwa kuposa nduna iliyonse. Kukali mdima muli kale pa Soweto kudikila ma Canter ochokela ku Chibombo, Chongwe, Mumbwa ndi Mkushi. Mwezi wina tomato amabwela wambili mpaka mlimi achita kukupapatilani kuti mungotenga, wotsala athela ku zinyalala. Mvula ikakhazikika, bokosi lomwelo likwela mpaka kapito yanu yonse ilephela kugula awili. Mukafika nalo ku komboni mupeza wapansi ni wophwanyika, ndipo kasitoma akufunabe mbasela. Timakonda kuloza agenti, mtengo wa mafuta ndi dola, ndipo zonsezo zilimo. Koma pali china chimene sitikamba kawilikawili. Kuchokela pa mbeu kufika pa thebulo lanu, manja odziwa nchito ndi ochepa kwambili, ndipo amene amalipila kusowa kwa luso kumeneku ndi inu.

Tiyeni tione zimene zachitika tonse tikuona. Mu 2016 munalowa kambozi ka tomato kamene akatswili amakachula Tuta absoluta. Kamaboola masamba ndi zipatso, ndipo kanawononga minda yambili. Alimi ambili anachita chimene anadziwa, kupopela mankhwala omwewo mobwelezabweleza, osadziwa kuti kachilombo kameneka kamazolowela mankhwala ukakathila amodzimodzi nthawi zonse. Munthu wophunzila amadziwa kusinthanitsa mankhwala, kuchela misampha ya agulugufe ake, kuwotcha kapena kukwilila zotsala za m'munda, ndi kuwelenga masiku amene ayenela kupita usanathyole tomato wopopela. Pamene luso limenelo kulibe, tomato wothilidwa mankhwala dzulo athyoledwa lelo, mailo ali pa thebulo lanu. Mumugwila ndi manja tsiku lonse, madzulo ana anu amudya mu ndiwo.

Ba anyezi mukukumbuka 2021, pamene boma linaletsa anyezi ndi mbatatisi zochokela kunja kuti alimi athu apeze msika. Cholinga chinali chabwino, koma mtengo unakwela, chifukwa anyezi wathu amabwela nthawi imodzi n'kutha, ndipo miyezi yotsalayo timadalila wa ku Tanzania ndi ku South Africa. Anyezi wokumbidwa atakhwima, woumikidwa bwino mpaka khosi lake litauma, woikidwa pa thandala m'shedi yolowa mphepo, amakhala miyezi ingapo osaola. Kuphunzila zimenezi sikufuna digili ya zaka zinayi. Masabata ochepa ndi mphunzitsi amene anachitapo ndi manja ake ndi okwanila. Lamulo lotseka malile likhoza kulembedwa tsiku limodzi, koma anthu odziwa kusunga anyezi amafunika kuphunzitsidwa lamulolo lisanabwele.

Chilala cha 2024 chinationetsa zambili. Pa 29 February chaka chimenecho President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Pa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anabyalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anapselela. Zokolola zinatsika kufika pa matani 1.5 miliyoni, osakwana ndi hafu ya chaka chapambuyo pake. Saka la bulekifasi la 25kg linadumpha K300 ndipo mabanja ambili anabwelela ku pamela. Madzi atachepa mu Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse, mafiliji a nsomba, soseji ndi nkhuku n'kusungunuka. Chichokeleni nthawi imeneyo aliyense akukamba za ulimi wothilila ndi sola. Zoona, mapampu ndi mapanelo ali mbwee m'mashopu m'tauni. Nanga oikapo ali kuti? Pampu ikafa ku Chibombo mu October, ndani adziwa kuitsegula? Mlimi adikila masabata, repu iuma, ndipo inu pa Soweto mupeza mtolo wachepa koma mtengo wakwela.

Chaka chomwecho mu August, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga chokhala ndi poizoni wa chuku, uja amachedwa aflatoxin, ndipo poizoni ameneyu anapezekanso mu unga wa zigayo zina. Chuku chimenechi chimakonda chimanga ndi nshawa zimene zinavutika ndi dzuwa m'munda kapena zinasungidwa zisanaume bwino. Inu ogulitsa nshawa, chimponde ndi chimanga cha pa meda, izi zikukukhudzani mwachindunji. Kuyanika pa tenti osati pa dothi, kupima chinyezi, kusankha zoola, kuika masaka pa mapulanga, zonsezi ni luso lophunzitsika, ndipo likasowa anthu amadwala.

Tidziwa chimene ena mukunena apo mwakhala: ife sindife alimi, mwana wanga anabadwila ku Kanyama, khasu salidziwa, apite kumudzi kukachita chani? Funso limeneli ni labwino. Kuyambila nthawi ya ba Kaunda achinyamata akhala akuuzidwa kuti abwelele kumunda, ndipo ambili amene anapita opanda malo, opanda zida, opanda luso anabwelela ku tauni. Ife sitikukamba zimenezo. Nchito zambili zimene zimadyetsa Lusaka sizigwilidwa ndi khasu. Pakufunika wokonza pampu ndi mapaipi a dilipu, woika sola pa borehole, woyendetsa ndi kukonza thilakita, wofesa mbande m'mathileyi n'kugulitsa kwa alimi, wodziwa katemela wa nkhuku ndi kusakaniza zakudya zake, wokonza mafiliji ndi zipinda zozizila, woumika tomato, mango ndi ndiwo zamasamba mwaukhondo, wosankha ndi kulongedza katundu kuti afike osaphwanyika, wolemba mabuku a kopaletivu. Zambili mwa izi munthu angazigwile akugona ku George, m'mawa n'kukwela basi ya Mungwi Road kapena Mumbwa Road kupita ku mafamu a Lusaka West. Zina angazigwile kuseli kwa nyumba kapena mkati mwa msika momwemo.

Pitani mu Alick Nkhata Road ku Kalingalinga muone anyamata owotchelela mageti ndi mafelemu a mawindo. Ambili anaphunzila pa manja a mkulu wawo, alibe pepala lililonse, koma nchito yawo ili pa nyumba za ku Kabulonga ndi Ibex. Manja omwewo angapange makina opukusila chimanga, zoyanikila za dzuwa, makola a nkhuku ndi ngolo. Pafupi pomwepo pali UNZA, kumene kuli sukulu ya zaulimi ndi ya madokotala a ziweto. Mtunda wapakati pawo ni woyenda ndi miyendo, koma nzelu za pa yunivesiti ndi manja a ku Kalingalinga sizikumana monga zinayenela.

Masukulu a zaulimi m'dziko muno aliko. Muno mu Lusaka muli NRDC, kufupi ndi Chelstone, imene yakhalapo kuyambila zaka zoyamba za ufulu. Ku Kasisi, kuseli kwa bwalo la ndeke, ansembe a Jesuit akhala akuphunzitsa alimi kuyambila mu 1974, ndipo amadziwika ndi ulimi wa manyowa wosadalila feteleza wa m'shopu. Ku Palabana kuli sukulu ya ng'ombe za mkaka, ku Kasaka mu Kafue ya nsomba, ku Mazabuka ya matenda a ziweto, ku Chipembi mu Chisamba ya ulimi, ku Chapula ya ndiwo ndi zipatso, ku Katete ya malonda a zokolola, ndipo ku Monze ndi ku Mpika kuli makoleji akulu a boma. Vuto ni lakuti khomo la ambili mwa masukulu amenewa ni lopapatiza kwa mwana wa m'komboni. Dipuloma ifuna Grade 12 yokhala ndi ma credit, zaka ziwili kapena zitatu, ndalama za fizi, zogona ndi zakudya. Mwana amene analekela Grade 9, kapena mtsikana amene ali ndi khanda kumsana, salowapo. Mayi wa pa msika amene sangasiye thebulo kwa mwezi wathunthu salowapo. Ndipo masukuluwa ndi ogawanika: ena ali pansi pa Unduna wa Zaulimi, ena pansi pa Unduna wa Nsomba ndi Ziweto, pamene TEVETA, bungwe loyang'anila maphunzilo a luso la manja limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, lili pansi pa Unduna wa Technology and Science. Mbuzi ya anthu atatu imagona panja.

Kumidzi nako mlangizi wa zaulimi, uja alimi amamuchula camp officer, amayang'anila alimi oposa 1,000 ali yekha, ndipo nthawi yake yambili imathela pa kulemba maina a FISP. Chaka ndi chaka mbali yaikulu ya ndalama za zaulimi imapita ku feteleza ndi mbeu za alimi oposa 1 miliyoni, ndi kogula chimanga kudzela ku FRA. Feteleza amatha ndi mvula imodzi. Munthu ukamuphunzitsa, luso akhala nalo mpaka ukalamba ndipo aphunzitsako ena, koma kumeneko n'kumene kumapita zotsala.

Manje tibwele pa ndalama, chifukwa yankho lozolowelela ni lakuti kulibe. Kuyambila January 2017 makampani amalipila Skills Development Levy, 0.5 pelesenti ya malipilo onse a anchito awo, imene ZRA imatolela kuti ithandize maphunzilo a luso. Palinso CDF. Tisabise, kuikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 chinali chinthu chabwino, ndipo mu 2025 inafika K36.1 miliyoni pa constituency iliyonse. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zimenezi ni la ma bursary a sekondale yogonela komweko ndi a maphunzilo a luso. Ana ambili apitako ku makoleji ndi ndalama zimenezi, ndipo sitinganene kuti sizinathandize munthu.

Koma ndalama kuchuluka sindiye kuti nchito yagwilika. Choyamba, CDF ni yofanana paliponse. Kalembela wa 2022 anapeza kuti Kanyama yokha inali ndi anthu oposa 500,000, koma inali kulandila chimodzimodzi ndi constituency ya anthu ochepa kwambili. Mu 2025 Mtendere ndi Kalingalinga zinali kugawana mphika umodzi wa Munali ndi madela ena onse a kumeneko, George inali mu mphika wa Matero. Mwana wa m'komboni akupikisana ndi anzake masauzande pa malo ochepa. Chachiwili, yang'anani makosi amene ana athu amathamangila: kuyendetsa galimoto, kusoka, kuphika, kukonza tsitsi, kuyendetsa makina a migodi. Zonse ni nchito zaulemu. Koma mu msewu umodzi wa Chawama mungalowe masaluni angati? Palibe amene amakhala pansi ndi ana amenewa kuwauza kuti wokonza pampu ndi wokonza chipinda chozizila akusowa. Chachitatu, mwana atsiliza kosi apatsidwa satifiketi, chithunzi chijambulidwa, basi. Alibe sipanala, alibe makina owotchelela, alibe famu imene inamulandilapo kuti ayesele nchito. Pepala lilowa mu sutikesi, iye abwelela pa siteshoni kukaitanila mabasi.

Choncho zimene tikufuna ku boma, ku Lusaka City Council ndi kwa aphungu athu ndi izi.

1. Constituency iliyonse ya mu Lusaka ipatule gawo lodziwika la ma bursary a luso kuti lipite ku makosi a chakudya ndi ulimi: kuthilila ndi sola, nkhuku ndi nsomba, mbande, mafiliji, makina a pafamu, kuumika ndi kulongedza zokolola.

2. Makosi aafupi abwele ku komboni. Aphunzitsi a ku NRDC, Kasisi ndi Palabana angaphunzitse m'maholo a machalichi, m'makalasi a sukulu pa holide ndi m'mashedi a misika, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, masana pamene malonda atsika. Wolekela Grade 7 kapena Grade 9 asabwezedwe pa khomo.

3. Ogulitsa m'misika nawonso awelengedwe ngati ophunzila. Kusunga tomato pa mthunzi m'makileti m'malo mwa mabokosi a mapulanga odzaza mpaka pamwamba, kuzindikila nshawa zachuku, kupanga jamu ndi sosi kuchokela ku zotsala, kulemba kapito ndi phindu, izi zingapulumutse ndalama zimene lelo mumataya madzulo alionse. Levy mumalipila tsiku ndi tsiku. Gawo lake libwelele kwa inu ngati maphunzilo ndi chipinda chozizila cha sola pa msika waukulu uliwonse, chokonzedwa ndi ana ophunzitsidwa a m'dela lomwelo.

4. Kosi iliyonse ikhale ndi miyezi yogwila nchito pa famu kapena mu wekishopu, ndipo wotsiliza atuluke ndi bokosi la zida. Mafamu akulu a ku Chisamba, Mkushi ndi Lusaka West amene amalipila levy afunsidwe luso limene akusowa, ndipo alandile ophunzila.

5. TEVETA ili kale ndi njila yoyesela munthu amene anaphunzila nchito pa manja n'kumupatsa satifiketi. Mayeso amenewa apite ku Kalingalinga, ku Buseko ndi ku Chibolya, pa mtengo umene wowotchelela angakwanitse, kuti naye athe kupikisana pa nchito za boma.

6. Zonse zilembedwe poyela. Pa ofesi ya wadi ndi pa geti la msika pamatidwe pepala loonetsa kuti ana angati analandila bursary, anapita ku koleji iti, kosi yanji, ndalama zingati zinalipilidwa ndipo liti, ndi angati amene akugwila nchito patapita chaka. Ndalama za levy nazonso zilengezedwe chaka ndi chaka: zinatoleledwa zingati, zinafika ku makoleji zingati, za ulimi zinali zingati. Bursary isafunse khadi la chipani chilichonse, cholamula kapena chotsutsa.

Palibe chachilendo pa zimenezi. Silabasi ya 2013 inatsegula kale njila ya luso la manja m'masekondale, ulimi ulimo, kuti mwana azituluka ndi satifiketi ya TEVETA pambali pa ya sukulu. Achikulile mukukumbuka ma production unit a m'ma 1970, pamene sukulu inali ndi dimba, nkhuku kapena akalulu. Cholakwika chinali chakuti m'masukulu ambili dimba linasanduka chilango cha wochedwa ndi wochita phokoso, ndipo m'badwo wonse unakula ukuona khasu ngati mkwapulo. Lelo sukulu ni yaulele mpaka Grade 12 kuyambila 2022, makalasi adzaza, koma sukulu yopanda madzi, yopanda zida, yopanda mphunzitsi wa zaulimi singaphunzitse kuthilila pa bolodi ndi choko.

Ifenso makolo tili ndi mbali yathu. Kangati tauza mwana kuti ukapanda kulimbikila sukulu udzakhala mlimi? Kangati taseka mtsikana wofuna kuphunzila zokonza mapampu ati ni nchito ya amuna? Koma ndalama imene imalipila lendi yathu, yunifomu ndi chilimba imachokela ku repu, chibwabwa, impwa, kalembula ndi nkhuku. Mwana amene adziwa kufesa mbande zabwino ali ndi kasitoma chaka chonse. Amene adziwa kulela anapiye 200 osafa ali ndi msika wokonzeka kale, ndiwo thebulo la amayi ake. Inu muli ndi chinthu chimene koleji ilibe: mudziwa chimene anthu amagula, mwezi umene chimasowa, ndi mtengo umene angapilile. Luso la mwana likakumana ndi nzelu zanu za msika, banja silifunikanso kaloba.

Nayi nchito ya sabata ino. Pitani ku Ward Development Committee ya kwanu, kapena kwa khansala, mufunse kuti mafomu a bursary ya luso amatuluka liti ndipo amatsekedwa liti. Osadikila kumva kwa neba tsiku lotsiliza. Mwana akhale ndi reji yake, ndipo ayambe manje kufuna kalata yomulandila ku koleji yolembetsedwa ndi TEVETA, chifukwa kalata imeneyo imafunika. Musanalipile ngwee iliyonse ku koleji, funsani ngati ni yolembetsedwa, ndipo pitani mukaone ndi maso ngati ili ndi munda, khola kapena wekishopu. Fomu ya CDF siyogula. Wina akakuuzani kuti mumupatseko ya drink kuti dzina lilowe, kanani ndipo uzani anzanu. Pa msonkhano wa komiti ya msika, ikani nkhaniyi pa ajenda, mulembe kalata imodzi yosainidwa ndi ogulitsa onse yopempha kosi ya pa msika ndi chipinda chozizila. Mu gulu lanu la chilimba kapena village banking, ganizilani zogulila zida mwana mmodzi wotsiliza kosi, abweze pang'onopang'ono, wina atsatile. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ndipo andale akabwela pa msika ndi vitenge ndi nyimbo, kaya ni a chipani chiti, ngakhale athu, musawalole kupita asanayankhe mafunso atatu. Ana angati a wadi ino aphunzila luso la chakudya ndi ulimi ndi ndalama za CDF? Ali kuti lelo? Chaka chamawa mudzaphunzitsa angati, kosi yanji, kuti? Wolephela kuyankha, muuzeni abwele mailo ndi pepala.

Tumizilani uthengawu anzanu a pa msika, ndipo amene alibe foni muwawelengele malonda akatsika masana.